Chidebe Chobiriwira Pamzere wa Madzi

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka lero masana. Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya zikwangwani. Masamba atsala ambiri, ndiye ndizilembamo za kuno, chifukwa dokotala akamalankhula mothamanga mutu wanga sugwira kanthu.

Ndine Laurenti Makwinja, zaka 47, wa ku Zingwangwa, wolemba zikwangwani. Mitu ya ng'ombe pamabutchala, tsitsi pamasaluni, maloko ndi mafosholo pamahadiweya, zambiri mwa izo ndi dzanja langa. Ndalemba zimenezi chifukwa lero anthu anayi andifunsa mafunso omwewomwewo. Wachisanu ndingomupatsa kope.

Zinayamba Lachinayi ndi dzanzi kumapazi, ngati ndakhalira mwendo nthawi yaitali. Loweruka ndinalephera kukwera sitepe yachiwiri ya makwerero. Dzulo ndinagwa pakhomo la bafa osathanso kudzuka. Mildred, mkazi wanga, ndi aneba awiri ndiwo anandinyamula mpaka kumsewu. Masabata awiri apitawo ndinatsegula m'mimba, ndipo dokotala wachita nazo chidwi zimenezo kuposa miyendo yomwe ndabwerera.

Manja ali bwinobwino.

Lachiwiri, 3 Juni

Atenga magazi timabotolo titatu. Shuga ndilibe. Kachilombo ndilibe. Bipi 130 pa 85. Dokotala wake ndi mayi wochepa thupi, wa magalasi, wosaseka. Wandimenya mawondo ndi kanyundo ka labala, mwendo uli duu. Kenaka wati ndikoke mpweya kamodzi ndiwerenge mpaka pomwe ndithere. Ndafika 38. Akuti tizichita zimenezi m'mawa uliwonse, ndipo nambalayo ndiziisunga.

Akufuna kutenga madzi a pamsana. Mildred wakaniratu.

"Amalume anga anawatenga madzi amenewo Lachisanu, Lamulungu tinali kumanda."

"Amalume anuwo anabwera matenda atapita kale patali, mayi," watero dokotala. "Singano siipha munthu."

Ndasaina ndekha. Mildred sanandilankhule mpaka nthawi ya phala la madzulo.

Kumanja kwanga kuli a Wahabu, telala wa ku Ndirande, bambo wachikulire, miyendo yotupa chifukwa cha mtima. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, buluku limenelo anakusokerani ndani? Amakudani." Tigwirizana.

Lachitatu, 4 Juni

Madzi a pamsana atenga m'mawa. Ndikadali moyo, ngakhale Mildred akundiyang'ana ngati ndikunama. Kuwerenga: 36.

Chomwe chikundisowetsa mtendere si miyendo ayi. Ndichilembe muno, poti kope silikauza munthu.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikujambula zinthu za eni. Mwini butchala akati ng'ombe iseke, ng'ombe imaseka. Chithunzi changachanga ndilibe ngakhale chimodzi. Koma Okutobala wathayu, sabata ija madzi anasiya masiku anayi, ndinali pamakwerero ndikulemba khoma la golosale moyang'anizana ndi kiyosiki yathu ya madzi. Madzi akasowa, amayi amasiya zidebe pamzere kuti ziwasungire malo, iwo n'kupita kukagwira zina. Pamzerepo panali chidebe chobiriwira, chomatidwa m'mbali ndi pulasitiki wosungunula. Mwini wake anali Shamsa, wogulitsa samusa kumtunda kwathu. Anachisiya Lolemba. Lachiwiri m'mawa anagundidwa ndi minibasi akuchokera kumsika, tsiku lomwelo Asilamu anzake anamuika.

Madzi anabwera Lachinayi. Ine ndinali nditafulatira, maso kukhoma. Ndilembe chilembo, ndicheuke, chidebe chija chasuntha. Ndilembe china, ndicheuke, chasunthanso. Chinayenda mzere wonse popanda mwini wake mpaka pampopi. Anachidzaza madzi n'kuchiika pambali. Aliyense ankadziwa kuti Shamsa ali m'manda, koma palibe amene anachichotsa pamzere.

Kuyambira tsikulo chithunzichi chili m'mutu mwanga. Sindinauze munthu, ngakhale Mildred, amene analipo pamzere womwewo. Mwana akabadwa amakhala kaye m'chikuta mpaka mchombo ugwe, saonetsedwa kwa aliyense wodutsa. Ganizo nalonso ndi choncho. Ukalitulutsa msanga, wina alitsokomolera, wina akuti bwanji uikepo maluwa, basi lafa. Ndinkati ndiyamba mvula ikatha. Mvula itatha ndinati ndipeze kaye bolodi labwino. Pano papita miyezi isanu ndi itatu, ndipo papepala palibe ngakhale kamzere.

Lachinayi, 5 Juni

Zotsatira zabwera. Matendawa akuti dzina lake Gileni Bare, ngati mzungu wa ku esiteti ya tiyi. Dokotala wafotokoza pang'onopang'ono ataona kuti ndikulemba. Thupi langa lomwe likulimbana ndi mitsempha yanga, linasokonezeka ndi kutsegula m'mimba kuja. Kufooka kumayambira kumapazi n'kumakwera. Kwa ena kumaima m'mawondo, kwa ena m'chiuno, kwa ena kumafika m'manja ndi pachifuwa. Kumakwera masabata awiri kapena atatu, kenaka kumatsika, koma motsika mwa ulesi. Mankhwala oimitsa kuno kulibe. Andipatsa mavitamini, kapilitsi ka ululu kogona nako, ndi jakisoni wa pamimba woti magazi asaundane. Mildred azinditembenuza maola awiri aliwonse.

"Nanga manja?"

"Zikhoza kutheka, bambo. Tiziona."

Tiziona. Mawu omwe ine ndimauza kasitomala ndikadziwa kuti penti wake sauma lero.

Kuwerenga: 35. Ndauza Mildred kuti mawa abweretse mapensulo anga atatu, labala ndi kalezala kosongolera. Mayi wokolopa wandilonjeza makatoni omwe mumabwera madilipu.

Lachisanu, 6 Juni

33. Miyendo sikutukukanso pabedi.

Ndayamba. Katoni yoyamba ndajambulapo mzere wonse, zidebe makumi atatu, monga ndinkazionera ndili pamwamba pa makwerero. Ndatha m'mawa wonse. Nditaiimika pamawondo kuti ndiione bwino, a Wahabu asuzumira.

"Mukutsegula shopu ya zidebe? Mundisungire chachikulucho."

Ndakwiya, koma akunena zoona. Chatuluka ndi chikwangwani cha hadiweya, changosowa mitengo. Dzanja langa linazolowera kugulitsa zinthu. Katoniyo ndapatsa gadiyani wina kuti aziyala pansi.

Loweruka, 7 Juni

Lero ndi Idi. Abale a a Wahabu abwera gulu, atavala zoyera, ndi mpunga wa nyama ya mbuzi wonunkhira wodi yonse. Eni ake analetsedwa mchere, ndiye agawira ife. Andipatsa mbale yodzaza n'kumandiyang'ana mpaka ndamaliza. "Tafunani pang'onopang'ono, achimwene, ndikudya nawo ndi maso."

Masana, thirole ya chakudya itachedwa, magadiyani andanda mbale zawo pansi m'khonde n'kukakhala pamthunzi. Ine ndinali nditagonekedwa chammbali, tsaya pa pilo, ndipo mbalezo ndimaziona cham'munsi, m'mbali mwake. Pamenepo ndazindikira cholakwa changa. Chidebe ukachiona kuchokera pamwamba ndi dzenje chabe. Ukachiona kuchokera pansi chili ndi msinkhu, china chaimirira mowongoka, china chatsamira chinzake, china chatopa.

Katoni yachiwiri. Zidebe zisanu ndi ziwiri zokha, wojambula ngati wagona pafumbi. Nkhope za anthu ayi. Chobiriwira chili chachinayi. Mtundu ndilibe, ndiye Mildred wandithyolera masamba a mpanda wa kunjaku, ndawatikita pachidebecho mpaka chabiriwira. Wafunsa kuti ndi za chiyani. Ndati ndi zongotayira nthawi.

Kuwerenga: 32. Nsonga za zala ziwiri za kumanja zayamba dzanzi. Sindinauze Mildred.

Lamulungu, 8 Juni

31. Makwaya atatu abwera kudzatiimbira, iliyonse ndi mlaliki wake. Wachitatu wandigwira pamutu n'kundiuza kuti ndidzuke ndiyende. Ndamuuza kuti ndayesa kale m'mawa.

Zidebe zili bwino, koma zangoima. Munthu wosadziwa nkhani aona zidebe basi. Adziwa bwanji kuti chachinayicho chikuyenda, ndipo mwini wake kulibe? Ndaganiza tsiku lonse. Pakufunika dzanja. Dzanja la mayi, lolowa kuchokera m'mphepete mwa chithunzi, likukankha chidebe chomwe si chake. China chilichonse cha munthuyo chisaoneke.

Nditapeza zimenezi ndinasangalala kwambiri. Kenaka ndinayang'ana zala zanga, chimwemwe chonse n'kuthawa.

Lolemba, 9 Juni

29. Bambo wa bedi la kumanzere, amene sindinawamvepo akulankhula, amwalira m'mawa nthawi yokolopa. Akazi awo anali atapita kukatenthetsa madzi. Pofika masana pabedipo pali munthu wina. Chaona mnzako chapita.

Ndauza dokotala za zala. Wandipatsa zala zake kuti ndifinye, n'kulemba kanthu mufayilo. Ndafunsa kuti ndatsala ndi masiku angati. Akuti matenda amenewa sapanga pangano ndi munthu.

Dzanja ndi chinthu chovuta kujambula kuposa nkhope. Nkhope ukalakwitsa umati ndi munthu wina. Dzanja ukalakwitsa ndi phava la nthochi. Ndapempha Mildred kuti agwire kapu pa loka, kakabati ka pambali pa bedi.

"Osanyamula ayi, Mayi a Joan. Ingoikankhani ndi zala, choncho. Khalani choncho."

"Mpaka liti? Ndili ndi zochapa. Mukujambula chiyani kodi?"

"Zinthu."

"Zinthu," wabwereza. Koma wakhala choncho mpaka mkono wanjenjemera. Katoniyo ndimaitembenuzira kukhoma akamadutsa.

Lachiwiri, 10 Juni

27. Mabatani a shati andikanika. Pensulo ndikuigwira ndi zala zinayi ngati mwana wa sitandade wani.

M'mawa wonse ndathera pa mfundo za zala ndi kamtsempha ka kuseri kwa dzanja. A Wahabu akhala akuonerera. Kenaka ati:

"Zidebezo ndi za amayi. Dzanjalo ndi la amayi. Mwawafunsa amayiwo?"

"Ndiwafunse chiyani? Ndinaona ndi maso anga."

"Ine zaka makumi anayi pamakina, sindinadulepo nsalu mwini wake ndisanamuyeze. Ngakhale ndimudziwe chotani."

Ndawauza kuti chithunzi si diresi la ukwati. Andiyankha kuti chabwino, n'kutembenukira uko. Ndinawayankha mwamwano, ndikudziwa. Nthawi yokambirana ndilibe.

Lachitatu, 11 Juni

24. Dokotala sanakondwe ndi nambalayi.

Dzanja latha. M'moyo wanga wonse sindinajambulepo chinthu chabwino chotere. Lili ndi kulemera, likuoneka kuti lachapa zambiri. Ndaliyang'ana mpaka maso alema. Zatsala ndi fumbi la pansi ndi mithunzi, zimenezo ngakhale mawa.

Zolemba zangazi zayamba kuoneka ngati mwadutsa nkhuku.

Lachinayi, 12 Juni

22. Pensulo yagwa katatu. Kachitatu sindinapemphe kuti anditolere.

Loweruka, 14 Juni

Ndikulemba ndine Mildred. Mawu ndi a Bambo a Joan. Akuti ndilembe momwe akunenera, ndisakonze.

Dzulo 20, lero 19. Manja onse awiri agona. Supuni akundigwirira, madzi akundimwetsa, ntchentche ikatera pamphuno ndimadikira munthu.

Dzulo madzulo ndinaona kuti chinthuchi chifera m'chikuta. Ndinauza Mildred kuti atembenuze katoni aione. Ndinamufotokozera zonse, za makwerero, za Okutobala, za Shamsa. Ndinkayembekeza kuti alira kapena anena kuti ndi chokongola. Anaiyang'anitsitsa. Kenaka anati:

"Zidebezi ndazidziwa zonse. Ichi n'cha Mayi a Olivia. Koma dzanjali n'la chiyani?"

"Likukankha."

"Bambo a Joan, munaonapo kuti munthu akukankha chidebe pamzere ndi dzanja? Kumsana kuli mwana, dzanja ili lagwira chigubu chako, ili lagwira chitenje. Uwerame pa chiyani? Timakankha ndi phazi. M'mbali mwa phazimu, chonchi, osayang'ana n'komwe, uku ukucheza ndi mnzako."

Ndinati mwina tsiku limenelo zinali zina, poti mwini wake anali atamwalira.

"Tsiku limenelo ndiye makamaka. Chidebe cha mnzako ukachigwira ndi dzanja ndiye kuti wachichotsa pamzere. Wachitenga ndiwe, ukachipereke kwawo, ukayang'ane ana ake kumaso. Palibe ankafuna kukhala woyamba. Tinkangochikankha ndi phazi ngati mwini wake wapita kukatembenuza samusa, abwera pompano. Anachigwira ndi mayi wa pakiyosiki yekha, poti analibe kuchitira mwina."

Ndinafunsa kuti akudziwa bwanji zonsezi.

"Amene anali kumbuyo kwake ndine. Kuyambira pa mtengo wa mapeyala uja mpaka pampopi, ndinachikankha ndine."

Ine ndinkangocheuka n'kupeza chasuntha. Chikusuntha sindinachionepo ngakhale kamodzi. Dzanjalo ndinachita kupeka, poti ine madzi ndimawapeza ali kale m'bafa. Miyezi isanu ndi itatu ndimagona chipinda chimodzi ndi phazi lenilenilo. Safunsa anadya phula. Masiku atatu otsiriza a dzanja langa ndawathera pojambula bodza, ndipo ndalijambula bwino kwambiri.

A Wahabu anamva zonse. Anangotsokomola. Bola akanandiseka.

Lamulungu, 15 Juni

18. Andisamutsira bedi la pafupi ndi tebulo la manesi, pomwe pali okosijeni. Madzi ayamba kunditsamwa, ndiye akuti ndizidya phala lolimbirapo, nditakhazikidwa tsonga. Dokotala akuti ikafika 15 andipititsa ku chipinda cha odwala kwambiri, ngati kuli malo.

Ndikuopa. Lembani choncho, Mayi a Joan, musachotse.

Joan waimba kuchokera ku Lilongwe, mayi ake andigwirira foni kukhutu. Ndamuuza kuti ndikupeza bwino, asasiye ntchito.

Mildred akuti bwanji tiitane Eddie, mnzanga wa zikwangwani wa ku Limbe, afufute dzanjalo ajambulepo phazi. Eddie! Eddie angalipake kyutekisi, n'kuliveka sikuna. Munthu amene amajambula nkhuku yowotcha ikumwetulira. Ndakana. Chikhale cholakwika, koma chikhale changa.

Lolemba, 16 Juni

16. Sakufuna kunena kanthu. Ndalemba nambala yokha.

Lachiwiri, 17 Juni

16. Adya phala masupuni asanu ndi limodzi. Jakisoni wa pamimba abaya. Ndawatembenuza kasanu ndi kawiri.

Lachitatu, 18 Juni

17. Dokotala anawawerengetsa kawiri kuti atsimikize. Akuti zikuoneka ngati kwaima.

Lachisanu, 20 Juni

Akuti ayambiranso kunena okha.

21. Andibwezera pabedi langa lakale. A Wahabu andilandira ndi mawu akuti, "Kumeneko anakukanani? Ngakhale kwa Mulungu buluku limenelo salilola." Ndaseka mpaka kutsamwa, nesi wawakalipira.

Kwabwera a Raymond a fiziyo, bambo wa manja ngati a womanga nyumba. Andipinda miyendo ndi zala chimodzichimodzi, n'kuphunzitsa Mildred kuti azitero katatu patsiku. Chala chachikulu cha kumanja chagwedezeka pang'ono. Iwo akondwa kwambiri. Ine ndawauza kuti ndi chala chimenecho ndikhoza kudinda pa chisankho, osati kujambula.

Ndafunsa dokotala mosazungulira. Akuti miyendo ndi manja zimabwerera mwa ambiri, miyezi isanu ndi umodzi, chaka, nthawi zina kupitirira. Ndati sindikufunsa za supuni, ndikufunsa za burashi yaing'ono, ija yolembera nsidze. Wavula magalasi n'kuwapukuta. Akuti zimenezo sangandilonjeze.

Choipa n'chakuti tsopano chithunzicho ndikuchiona bwino kuposa kale. Ndikatseka maso chili chonse. Phazi lolowa kuchokera kumanja, lopendekeka, chidendene chong'aluka, fumbi lofiira m'zala, mphepete mwa chitenje pamwamba pake. Kumbuyo kwa chidebe kanjira kokwekwereza pafumbi. Phazilo silikuyang'ana chomwe likuchita. Zonsezi zili m'mutu, ndipo kuchokera m'mutu kufika pakatoni msewu waduka.

Lolemba, 23 Juni

25. A Raymond andimangirira pensulo kudzanja ndi bandeji, n'kundiikira pilo pansi pa chigongono. Mildred waika beseni pansi, wavula silipasi, waimirira ndi phazi m'mbali mwake monga anachitira tsiku lija. Magadiyani ena aima kumaonerera.

Ndayesera papepala la m'kope muno, osati pakatoni. Ndimakankha ndi phewa, poti zala sizikumva. Ola lathunthu. Chatuluka ndi nyongolotsi itapondedwa.

"Tayamba," atero a Raymond.

Ndawauza kuti andimasule. Ndalira pamaso pa anthu, ndipo misozi yake wandipukuta ndi Mildred, ndi mamina omwe. Ndati katoniyo aichotse, aiike pansi pa bedi. Ataiika ndati aibwezere. Dzanja lija likungondiyang'ana, lokongola, labodza. Ngakhale kulifufuta sindingathe.

Masamba aja ayamba kuuma, chidebe chayamba kuoneka chofiirira. Mwezi wamawa sichidzakhalanso chobiriwira.

Lachitatu, 25 Juni

27. A Wahabu atuluka, miyendo yaphwa. Asananyamuke anakhala pamphepete pa bedi langa n'kundigwira dzanja, ngakhale ine sindimamva bwino kuti andigwira.

"Ndili pamsika wa Ndirande, mzere wa matelala, makina achitatu. Mukatha kuyenda mubwere ndikuyezeni."

Ndinawapepesa za mwano uja. Akuti sakukumbuka, ndipo ndisawakumbutse poti mtima wawo ndi wodwala. Pabedi pawo aika bambo wa ku Bangwe amene amangobuula.

Dokotala akuti ifenso Lolemba tituluka, tizibwera ku fiziyo kawiri pa sabata. Kunyumba kuli masitepe anayi ndi njira yotsetsereka yomwe wilitcheya singadutse. Sindikudziwa. Za chithunzi sindikufunanso kulankhula. Mayi a Joan, tsekani kope.

Lachinayi, 26 Juni

Lero mawu ndi anga, ine Mildred. Iwo akana kunena.

Nambala 28. Chidendene chawo cha kumanzere chayamba kachilonda chifukwa chogona, ndiye nesi anandipatsa kabotolo ka jivi, mankhwala ofiirira aja, ndi thonje kuti ndizipaka. Cha m'ma teni a Raymond anawatenga pa wilitcheya kupita nawo ku fiziyo, ine anati nditsale ndiyale bedi.

Ndinayala. Kenaka ndinakhala n'kumayang'ana katoni ija. Ine kujambula sindidziwa, ngakhale kusukulu mapu ankandijambulira ndi anzanga. Koma masiku onsewa ndimamva akubwebweta za phazi, kuti lipendekeke chonchi, chidendene chikhale apa. Ndipo kuyambira Okutobala nkhani ya Shamsa sindinaikambe ndi munthu mpaka iwo atandifunsa. Ankandisungira malo pamzere paja zaka zisanu. Kumaliro ake ndinafika atanyamula kale.

Ndinaika katoni pansi. Ndinavula silipasi, ndinapaka jivi m'mbali mwa phazi la kumanja, kuyambira kuchala chachikulu mpaka kuchidendene. Ndinagwira chitsulo cha bedi, ndinayang'ana kuwindo, n'kukankha chidebe chachinayicho monga ndinachitira tsiku lija. Nditayang'ana pansi, jivi anali atadutsa pamwamba penipeni pa dzanja lawo. Latsala nsonga za zala ziwiri zokha. Pali chala changa chachikulu, ming'alu ya chidendene, ndi kukwekwereza. Si chokongola. Ndinachita mantha, ndinayesa kupukuta ndi thonje m'mphepete, koma jivi sachoka.

Atabwera ndinali nditaiimika pa loka, pomwe imakhala. Anaiona asanawakweze n'komwe pabedi.

"Wachita zimenezi ndani?"

Phazi langa linali lofiirira mpaka m'kakolo.

Andikalipira mpaka mpweya kuwathera. Akuti dzanja limenelo linali lotsiriza, mwina sadzajambulanso lina mpaka kufa, ndipo ine ndaliponda. Akunena zoona, zimenezo sindinaziganize bwino. Ndapepesa. Chakudya cha masana akana. Ndimati ndiwatembenuzire kuwindo nthawi itakwana, akana, akuti ndiwasiye mbali yomweyo, ngakhale ndi mbali ya chilonda.

Kuyambira masana sanachotse maso pa loka. Cha m'ma folo anandifunsa, osandiyang'ana, kuti pokankhapo ndimayang'ana kuti. Ndati kuwindo.

Tsopano akuti nditsegule kope ndilembe kuti ndawononga chithunzi chawo. Ndalemba. Ndafunsa ngati ndikachitaye, poti thirole ya zinyalala ili pakhomo.

Akuti ndichisendeze pafupi, loka ili kutali.